Wolengeza Mau a Mfumu

Kale, wailesi ndi lamya zisanafike ku midzi, mfumu ikafuna kudziŵitsa anthu ake nkhani yofunika inkatuma munthu wa mau amphamvu kuti akalengeze. M'midzi ya Acheŵa, monga ya kwa Kapelula m'boma la Kasungu, ntchitoyi inkagwira ndi nyakwaŵa kapena mnyamata wokhulupirika wa mfumu.

Wolengeza sankafuula nthaŵi iliyonse ai. Ankadikira chisisira, anthu atabwerako ku minda, kapena mbandakucha, pamene mudzi uli zii ndipo mau amapita kutali. Ankakwera pa chulu nayamba ndi mau akuti, "Tamverani, tamverani!" Amai ankaleka kusinja, ana nkukhala chete. Tsono ankanena za msonkhano wa pabwalo, za tsiku lolambula mseu, kapena za mbuzi yosoŵa. Akatha, ankapita mbali ina ya mudzi nabwereza mau omwewo, osaonjezapo kapena kuchotsapo, pakuti mauwo sanali ake koma a mfumu.

Uthenga wolemera koposa unali wa maliro. Munthu akamwalira, abale ankayamba adziŵitsa mfumu, ndipo pambuyo pake mpamene mudzi unkauzidwa. Apa wolengeza ankayenera kusamala kwambiri. Kuphonya dzina la womwalira kukadaliritsa banja lina popanda chifukwa. Kudumpha mbali ina ya mudzi kukadachititsa anthu kupita kukalima anzao ali pa chisoni, chinthu chochititsa manyazi zedi. Ku midzi yakutali kunkapita amithenga apansi, ndipo womwalirayo akakhala wa gule wamkulu, ng'oma ya mbiriwiri inkanena yokha.

Kulengeza nkosiyana ndi kukuwa. Chigafa cha fodya chikagwira moto, aliyense wouona amakuwa pomwepo, osadikira chilolezo cha mfumu.

Mwambowu sunali wa kuno kokha. M'mizinda ya ku England, anthu ambiri asanadziŵe kuŵerenga, wolengeza ankaliza belu m'misika nafuula kuti "Oyez," ndiko kuti "imvani."

Wailesi ya MBC itakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, mauthenga anayamba kufika m'maboma onse tsiku limodzi. Kenaka kunadza galimoto za zimkuzamau, ndipo lero ambiri ali ndi lamya za m'manja. Komabe lamya imatha moto, ndipo si nyumba zonse zili ndi wailesi. Nchifukwa chake m'midzi yambiri mfumu ikaitana anthu ku bwalo, madzulo ake mau amamvekabe kuchokera pa chulu.