Musadikire nyerere, shuga amadziwika m'magazi

Pa magulu a WhatsApp pamayenda malangizo akuti mukafuna kudziwa ngati muli ndi matenda a shuga, mukodze panja n'kuona ngati pabwere nyerere. Kachoonadi kalipo ndithu. Koma impso zimayamba kutaya shuga mumkodzo pokhapokha wa m'magazi akadutsa pafupifupi 10 mmol/L. Ndiye kuti nyerere zikamafika, vuto linayamba kalekale. Ine ndiye ndimati za mkodzo tiziike pambali, tikambe za magazi.

Kuyeza kofala ndi kwa m'mawa, mutakhala maola 8 osadya kapena kumwa chilichonse kupatula madzi. Kapu ya tiyi ndi chitumbuwa panjira, basi zasokonekera. Nambala ikafika 7.0 mmol/L kapena kuposa, achipatala amaganizira matenda a shuga, ndipo kawirikawiri amabwereza tsiku lina kuti atsimikize. Pakati pa 6.1 ndi 6.9, malinga ndi bungwe la WHO, muli m'malire. Mukayezedwa mutadya kale, nambala yodetsa nkhawa ndi 11.1, makamaka ngati mukumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda.

Pali pena pamene anthu amanjenjemera pachabe. Timakina tina timawerenga mu mg/dL. Munthu akaona 110 pamene mnzake anapeza 6.1, mtima umagwa, chonsecho n'chimodzimodzi. Gawani ndi 18, foni yanuyo ikuwerengerani.

Njira imene ine imandisangalatsa ndi ya HbA1c. Imaona shuga amene wakakamira m'maselo ofiira a magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, ndipo malire ake ndi 6.5 peresenti. Sipafunika kugona ndi njala, komanso simungainamize posiya zakumwa zotsekemera sabata imodzi. Kungoti kwathu kuno ili ndi pogwera: kuchepa kwa magazi, sickle cell kapena kulandira magazi posachedwa zimatha kupotoza zotsatira. Auzeni adokotala zimenezi asanakuyezeni.

Kulabu nakonso kuli zake. Magazi akakhalitsa m'kabotolo, maselo amapitiriza kudya shuga uja, nambala n'kutsika. N'chifukwa chake amawathira m'kabotolo ka chivindikiro chotuwa, momwe muli mankhwala a fluoride oletsa zimenezi.

Ngati akubayani pachala, sambani kaye m'manja ndi sopo n'kuumitsa. Mango kapena nzimbe zimene munadya pa depoti zimasiya shuga pakhungu, kamakina n'kumuwerenga ngati wa m'magazi.