MWANA AKAKANIDWA CILOLEZO CA KU MANGALANDE

Inu makolo a ku Nsanama amene mwana wanu waitanidwa ku sukulu ya ku Mangalande, tamvani za ndarama musanagulitse nandolo ndi mbuzi.

Cilolezo colowera m'dzikomo, cochedwa visa, cimalipiridwa. Mu April 2025 mtengo wace unakwera kucokera pa £490 kufika pa £524. Mwana akakanidwa, ndarama imeneyi siibwerera ai. Imene amabweza ndi ya cipatala yokha, imene mu 2024 inaikidwa pa £776 pa caka.

Tsono pofuna kupemphanso alipira mtengo wonse kaciwiri. Ayeneranso kuitanitsa ku sukuluko kalata yatsopano yochedwa CAS, pakuti imodzi siigwira nchito kawiri. Cikalata ca dokotala cosonyeza kuti alibe cifuwa cacikuru cimatha mphamvu pakapita miyezi 6. Akacedwa, apimitsanso nalipiranso. Onjezanipo ya basi yopita ku Lilongwe kudzera pa Liwonde ndi Balaka, ndi ya pogona. Kumbukaninso kuti mitengo ya visa iri m'mapaundi, pamene Kwacha yathu inagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023.

Pogwera ana pena ndi pa za kubanki. Ndarama za sukulu ndi zodyera ziyenera kukhala m'buku la mwana kapena la makolo ace masiku 28 otsatana, zosacepa ngakhale tsiku limodzi. Zimene amalume aponyamo dzulo sizinakwanitse masikuwo. Mukatapako ya feteleza pa tsiku la 20 zotsala n'kuperewera, muyambanso kuwerenga pa 1.