Land Rover ya Amalume ku Feira: Osaigulitsa pa Sikelo

Ngati kwanu ndi ku Feira, mukaidziwa motoka imene ndikamba. Land Rover yakale yogona pansi pa mtengo wa masau, matayala anaphwa kudala, nkhuku ziikira mazira pa mpando wa dalaivala. Ya amalume anga ili tero. Mwezi watha anyamata ogula zitsulo anafika pamudzi ndi sikelo yao, ati tiigule pa kilo. Amalume anatsala pang'ono kuvomera.

Anyamata aja si opusa. Thupi la Land Rover yakale ndi aluminiyamu, siichita nguwe, ndiye chifukwa ikali yoimirira pamene mamotoka ena a zaka zimenezo anasanduka sefa. Aluminiyamu yomweyo ndiyo afuna osungunula mapoto mu komboni. Mukagulitsa pa kilo, chitseko cha motoka mudzakumana nacho ku Soweto Market chili poto ya nsima.

Koma kunja kuli anthu osunga mamotoka akale amene amaisakila maningi. Land Rover inayamba mu 1948, Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo Defender ya maonekedwe akale inalekeka mu Januwale 2016. Yakale siipangidwanso, iliyonse imene yasungunulidwa yapita. Osunga sagula chabe motoka yathunthu: baji ya kutsogolo, gilo, sitiyalingi, ngakhale kabuku ka dalaivala, zonse zili ndi msika. Kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi ndiko mtima wake. Kakagwirizana ndi white book, muli ndi motoka. Kakasowa, muli ndi khola la nkhuku.

Kwa ife a ku Luangwa, motoka iyi siinali ya staelo. Kuchoka pa Luangwa Bridge kufika ku boma, pamene Luangwa athira mu Zambezi moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique, ndi makilomita pafupifupi 90. Tala isanabwere, nthawi ya mvula msewu uja unali kusankha motoka. Odwala opita ku Katondwe, nsomba zouma, ana a sukulu, onse kumbuyo kwa Land Rover.

Ine chimene ndikumbuka ndi chitini cha ambuya, chomangidwa nsalu pakamwa, chimene chinali kukwera motoka imeneyo kubwera ku Lusaka. Anzanga a ku Monze amakonda kudzitama ndi bata wa pafamu, wokhutchumula mafuta a mkaka mpaka agwirane. Ife ng'ombe zinali zosowa, chigwa chathu ndi cha tsetse, tinali a mbuzi. Bata wathu anali chimponde. Ambuya anali kukazinga nshawa pa phale, osazipsereza, kuzifikisa m'manja, kupeta makoko, ndiye mu mtondo. Kusinja mpaka mafuta atuluke ndipo munsi uyambe kumamatira. Pothera pa mphero, kamchere pang'ono, basi. Kulibe shuga, kulibe saladi. Pa kandolo wophika m'mawa, Blue Band sinali kuonako. Cha m'botolo cha mu shopu ndi chosalala, inde, koma kafungo ka utsi kaja mulibe.

Manje ambuya anapita, mphero yao ana akhalapo posewera, ndipo pa adzukulu tonse palibe wodziwa kupera. Ija tinataya tokha, popanda ndi wotipatsa ngwee.

Ndiye ndinatumira amalume foni kuti anyamata a sikelo abwerere. White book anaipeza mu sutukesi, pamodzi ndi makadi akale a UNIP, makona ake atadyedwa ndi chiswe koma nambala ioneka. Tagwirizana kuti pa holide ndipita ndi makanika wa ku Chawama akaone ngati injini izungulira. Amalume ati ndibwere ndi batire. Amai a kwa amalume ati nshawa asunga kale thumba limodzi, koma wosinja ndine.