KACIZINDIKIRO KAMENE KASIYANITSA NG’OMA NDI NGOMA

Caka ndi caka, kumapeto kwa mwezi wa August, mafumu a Acewa a muno m’Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m’boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambo wa Kulamba usanafike, alembi amatanganidwa ndi makalata oitanira alendo ndiponso ndandanda za magule. Masiku ano nchito yotere icitika pa kompyuta, ndipo pamenepo pali kacizindikiro kamodzi kamene kamabvutitsa alembi, osati ku Mkaika kokha, komanso m’masukulu ndi m’makopaletivu a ku Sinda ndi ku Vubwi.

Kacizindikiroko ndi kaja kokhala pamwamba m’mau monga ng’ombe, m’mudzi ndi pang’ono, kamene aphunzitsi a cinenero amakacha nkhodolero. Kungakhale kucepa, nchito yake ndi yaikulu. Mlembi akakasiya, ng’oma imene ilizidwa ku Gule Wamkulu isanduka ngoma, nyama ya m’thengo ya nyanga zopotana. Abale ake ndi mitengero, tizizindikiro totsekula ndi kutseka mau amene munthu wayankhula.

Kodi bvutoli licokera kuti? Osindikiza mabuku akhala ndi tizizindikiro topinda kuyambira kale: kena kotsekula (‘) ndi kena kotseka (’). Koma opanga mataipi, pofuna kucepetsa mabatani, anaika kamodzi koongoka (') kuti kagwire nchito zonse. Makompyuta anatengera mwambo umenewo, ndipo mpaka lero batani lake ndi limodzi. Cotero mapulogalamu olembera, monga Microsoft Word, amaganizira okha kamene mlembi afuna. Lamulo lao ndi lapafupi: ngati kumbuyo kuli mpata, aika kotsekula, ngati kumbuyo kuli lembo, aika kotseka.

Lamuloli libala mabvuto atatu. Loyamba ndi la kacizindikiro koyang’ana kolakwika. Munthu akafupikitsa caka ca 1977 kuti cikhale ’77, kapena akalemba mwa kalembedwe kakale kuti mwana ’yu, makina aona mpata kumbuyo naika kotsekula, pamene pafunika kotseka.

Laciwiri ndilo lalikulu. Kwa ife ng'ombe ndi ng’ombe ndi liu limodzi, koma kwa kompyuta ndi mau awiri, pakuti m’kaundula wa zilembo wochedwa Unicode, amene anayamba mu 1991, kacizindikiro koongoka ndi kopinda tili ndi manambala osiyana. Taganizani za mlimi wa dzina la Ng’oma, amene dzina lake lalembedwa ndi kopinda pa ndandanda ya kopaletivu, koma ndi koongoka pa ndandanda ya olipira. Makina akayerekeza ndandanda ziwirizo angathe kunena kuti munthuyo palibe, ndipo iye adzayenda maulendo acabe kufunsa za feteleza wake mvula ili pafupi. Nthawi zina, mau akasamutsidwa kupita ku makina owerenga zilembo mwa njira ina, kopindako kamaphwanyika kukhala tizilembo titatu, ndipo dzinalo lioneka motere: Ngâ€™oma.

Lacitatu likhudza thumba. Uthenga wa SMS umatenga zilembo 160, koma kacizindikiro kopinda sikali pa gulu la zilembo wamba za SMS. Kakalowa kamodzi kokha, kawirikawiri malire atsika kufika pa 70, ndipo uthenga wa zilembo 150 ugawika patatu. Mlembi wotumiza cidziwitso ca msonkhano kwa alimi ambiri adzalipira katatu cifukwa ca liu lakuti m’mawa.

Nanga mankhwala ake nciani? Ngati mufuna koongoka pa malo amodzi okha, lembani kacizindikiroko, ndipo nthawi yomweyo tsindikani Ctrl pamodzi ndi Z, kadzaongoka. Ngati mufuna kuletseratu makina kupinda, mu Word pitani pa File, kenaka Options, Proofing, AutoCorrect Options, ndipo pa tsamba la AutoFormat As You Type fafanizani congera pa mzere wonena za smart quotes. Citani cimodzimodzi pa tsamba la AutoFormat, pakuti ambiri amaiwala pamenepo. Mu LibreOffice Writer njira yake ili pa Tools, AutoCorrect, pa tsamba la Localized Options. Mu Google Docs ili pa Tools, Preferences.

Pamene mufuna kotseka kumayambiriro kwa liu, monga mu ’77, gwirani Alt ndi kulemba 0146 pa mabatani a manambala a kudzanja lamanja, ngati kompyuta yanu ndi ya Windows. Mukaona mitengero yacilendo, monga « ndi », yang’anani cinenero cimene pulogalamu iganiza kuti mukulemba, pakuti ikayesa kuti ndi Cifalansa iika mitengero ya Cifalansa. Kalata yolembedwa kale ikonzedwa ndi Ctrl ndi H: zimitsani kupinda kuja poyamba, ndipo uzani makina kuti paliponse pali kopinda aikepo koongoka.

Langizo lathu ndi ili. M’makalata, m’mabuku ndi m’zonse zosindikiza, kopinda ndiko kokongola. Polemba zoyankhula za munthu gwiritsani mitengero iwiriiwiri, monga “Lowani m’nyumba,” kuti owerenga asaisokoneze ndi nkhodolero. Koma pa ndandanda za maina, pa mauthenga a foni ndi pa mau acinsinsi otsekulira makina, khalani ndi koongoka, ndipo alembi onse a ofesi imodzi apangane cimodzi.

Koposa zonse, musathawe bvuto mwa kukasiya kacizindikiroko, monga acita ena polemba ngombe ndi pangono. Kutero ndi kulemaza cinenero cimene ana athu aphunzira ku sukulu, ndiponso kusintha maina a makolo. Makina anapangidwa kuti atumikire cinenero, ndipo amamvera munthu wodziwa powakhudza. Amene zamukanika afunse mnzake wa pa ofesi, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.