Kodi mumadziwa? Mbale wanu akabwera kudzacheza ku mafamu a Mashonaland

Zokolola zikalowa m'nyumba, ambiri a ife okhala m'mafamu a ku Mashonaland timalandira uthenga pa WhatsApp woti achimwene kapena achemwali anyamuka ku Dedza, ku Mulanje kapena ku Mangochi kudzationa. Nkhuku yogwira ilipo, mphasa ilipo. Chimene chimatizunguza mutu n'chakuti tikawaonetse chiyani. Nazi zina zoti mukhale nazo m'mutu mlendoyo asanatsike basi.

Kodi mumadziwa kuti kuchokera ku Blantyre kufika ku Harare ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600, koma pasipoti imadindidwa kanayi? Pa Mwanza, pa Zobue, kenako mukaoloka Zambezi pa Tete, pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda. Mmalawi safunika viza. Akangodutsa pa Nyamapanda ndiye kuti waponda kale Mashonaland East, ndipo Mutoko ndi Murewa ali kutsogoloko.

Kodi mumadziwa kuti agogo athu ankadzera chigawo chomwechi, koma wapansi? Ankayenda milungu yathunthu, kudutsa m'dziko la Apwitikizi, mpaka kukafika ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Pambuyo pake boma la Southern Rhodesia linaika malole a Ulere onyamula anthu ofuna ntchito osalipira, ndipo kunabweranso Mthandizi, amene ankalemba anthu ali kwawo komweko n'kuwatumiza ku mafamu a azungu. Mbale wanu akamadandaula za kutentha kwa pa Tete ali m'basi, muuzeni zimenezi.

Kodi mumadziwa kuti Zimbabwe, monganso Malawi, alibe gombe la nyanja yamchere? Wofuna kuona Indian Ocean ayenera kudzera ku Mutare n'kutsikira ku Beira, makilomita oposa 500 kuchokera ku Harare. Gombe lathu kuno ndi Kariba, ku Mashonaland West. Msewu wake umadzera ku Banket, Chinhoyi ndi Karoi, m'kati mwenimweni mwa minda ya fodya ndi chimanga, ndipo pa Makuti mumakhota n'kuyamba kutsetsereka kulowa m'chigwa cha Zambezi. Kumeneko njovu zimayenda m'tauni momwe, ndipo mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40. Nyamulani madzi akumwa ambiri.

Kodi mumadziwa kuti khoma la Kariba ndi lalitali mamita 128 ndipo linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland? Kampani yomanga inali ya ku Italy, koma mwa anthu masauzande amene ankanyamula simenti ndi kuswa miyala, ambiri anachokera ku Nyasaland. Anthu 86 anafa pa ntchitoyi. Pamwamba pa phiri la Kariba Heights pali katchalitchi kozungulira ka Santa Barbara kamene kanamangidwa powakumbukira, ndipo ine ndimati aliyense wochokera kumudzi alowemo asanapite kukajambulitsa pa khomalo. Madzi atayamba kudzaza, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa chimene makolo awo anagonamo. Nyama zoposa 6,000 zinapulumutsidwa ndi mabwato pa ntchito yotchedwa Operation Noah, ndipo nkhani ya nyamazo inamveka kutali kuposa ya anthu aja.

Kodi mumadziwa kuti munthu wa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay sadzadabwa ndi kukula kwa Kariba? Kutalika kwake ndi makilomita opitirira pang'ono 220, pamene nyanja ya Malawi imapyola 560. Komabe pa madamu onse opangidwa ndi anthu pa dziko lapansi, palibe losunga madzi ambiri kuposa ili. Chenjezo limodzi: munthu wozolowera kusamba ku Senga Bay asayerekeze kutero kuno. Ng'ona ndi mvuu zili paliponse m'mphepetemo.

Kodi mumadziwa kuti kapenta wa ku Kariba ndi mlendo? Anamubweretsa kuchokera ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Asodzi amamugwira usiku pokopa ndi magetsi oyatsidwa pa mabwato achitsulo, ngati mmene a kauni amakopera usipa kwathu.

Kodi mumadziwa kuti pobwerera simuyenera kudutsa pa Chinhoyi osaima? Makilomita owerengeka kunja kwa tauniyi kuli mapanga amene pansi pake pali dziwe la Chirorodziva, lamadzi obiriwira ngati thambo, ofunda mofanana chaka chonse, pafupifupi madigiri 22. Kufupi komweko ndi kumene asilikali asanu ndi awiri a ZANLA anafera pa 28 Epulo 1966, pa nkhondo imene Azimbabwe amaiwerenga ngati chiyambi cha Chimurenga chachiwiri.

Kodi mumadziwa kuti mlimi wa fodya wa ku Kasungu adzakhala ndi mafunso ambiri akaona minda yathu? Kwathu fodya wochuluka ndi wa bale, woumira m'chigafa ndi mphepo. Kuno ndi wa Virginia, wochizidwa ndi kutentha m'mabani a njerwa, ndipo munthu amachezera usiku kusonkhezera moto. Zimbabwe ndiye amalima fodya wambiri mu Africa yense. Mlendo akafika nyengo ya malonda, imene imayamba cha mu Malichi, mutengeni ku okushoni ya Tobacco Sales Floor ku Harare akayerekeze yekha ndi za ku Kanengo.

Kodi mumadziwa za Tengenenge? Apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ambiri a ife timakhala nawo pafupi malowa koma sitinapondeko. Ali kufupi ndi Guruve, ku Mashonaland Central, makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Harare. Mwini famu ya fodya kumeneko anali Tom Blomefield. Boma la Ian Smith litadzilengeza lodziimira palokha mu 1965, maiko anakana kugula katundu wa Rhodesia ndipo malonda a fodya anagwa. Mu 1966 mmisiri wosema miyala Crispen Chakanyuka anamuonetsa kuti mwala wa m'phiri la pa famupo ndi wosemeka bwino, ndipo antchito amene anatsala manja lende anayamba kusema. Ambiri a iwo anali obwera kuchokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Lemon Moses anali wochokera ku Malawi. Josiah Manzi ndi mwana wa Ayao a ku Malawi. Fanizani Akuda, amene ziboliboli zake za nkhope zamaso otsinzina zinafika m'nyumba zoonetsera zaluso za ku Ulaya, anali Mchewa wobadwira ku Zambia. Dziko lonse lapansi limadziwa luso limeneli ndi dzina la Ashona, ndipo n'zoona kuti Ashona monga Henry Munyaradzi ndi Bernard Matemera anatchukira pomwepo. Koma manja a Achewa ndi Ayao analipo kuyambira tsiku loyamba, ndipo woyang'anitsitsa amaona nkhope za zinyau m'miyala ina. Lero ziboliboli masauzande zili pabwalo pansi pa mitengo, ndipo amisiri amasema mlendo akuonerera. Ngati ndalama zikukwanira ulendo umodzi wokha, ine ndingasankhe uwu kusiyana ndi Kariba.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo za sungura zimene zimalira m'makombi a ku Harare zili ndi mizu ya m'komboni? Nicholas Zakaria, amene ankatsogolera Khiama Boys, anabadwira ku Mazowe, m'banja lochokera ku Malawi. Alick Macheso, amene anaphunzira ntchito m'gulu lomwelo asanayambitse Orchestra Mberikwazvo, anabadwa mu 1968 ku Shamva ndipo nayenso magazi ake ndi a kwathu. Nyimbo yake ya Mundikumbuke, ya m'chimbale cha Simbaradzo cha mu 2000, ndi ya m'Chichewa, ndipo Zimbabwe yense anaivina.

Kodi mumadziwa kuti gule wamkulu akadatulukabe m'mafamu ndi m'migodi ya kuno? Anzathu Ashona amati zvigure. Bungwe la UNESCO linaika guleyu pa mndandanda wa chuma cha anthu onse mu 2005. Mbale wanu akhoza kumva pa bwalo la ku Mvurwi kapena ku Trelawney mawu ena akale amene kumudzi achinyamata anasiya kuwatchula.

Kodi mumadziwa kuti kwacha sagula kanthu kuno? Madola a ku America ndiwo amayenda kwambiri, pamodzi ndi ndalama ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024. Muuzeni abwere ndi madola ang'onoang'ono, chifukwa chenji imavuta.

Kodi mumadziwa kuti malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 amazindikira zilankhulo 16, ndipo pa mndandandawo Chewa ndiye ali poyamba? Malamulo omwewo, pa ndime 43, amati munthu amene anabadwira m'dziko muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye akukhala konkuno, ndi nzika yobadwa. Izi zinabwera anthu athu atavutika kale kwambiri. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ochuluka anataya ntchito ndi pogona pomwe, opanda mudzi wothawirako, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri opanda dziko. Mpaka lero alipo agogo amene zitupa zawo zikadali zolembedwa kuti ndi alendo, ndiponso adzukulu opanda kalata ya kubadwa, amene amavutika pa nthawi yolembetsa mayeso.

Chifukwa cha ichi, musamalize masiku onse a mlendo wanu pa msewu. Patulani tsiku limodzi mumutengere m'komboni, kwa agogo amene anabwera ndi Mthandizi ndipo sanabwererenso. Ambiri a iwo amakumbukirabe dzina la mudzi wawo, la nyakwawa, la mfumu yaikulu ndi la mtsinje umene ankatungako madzi. Mbale wanuyo, amene akudziwa mmene midzi ija ilili lero, akhale pansi ndi kope alembe zonsezi, ajambule nkhope zawo ngati alola, ndipo akabwerera kumudzi akafunse ngati abale awo alipobe.