Khutu Liyambe Layezedwa, Makina Pambuyo

Pakati pa katundu amene ana a ku Mzimba amatumiza kwawo kuchokera ku Joni, monga mabulangete, njinga ndi mawailesi, nthawi zina pamapezeka kabokosi kakang'ono. M'katimo mumakhala kachipangizo kovala kukhutu, kogulira agogo amene anasiya kuyankha powalonjera. Agogo amakavala masiku awiri kapena atatu, nadandaula kuti kakuimba likhweru m'mutu, kenaka nkukabisa pansi pa sutikesi. Ndalama zapita, koma khutu likadali momwemo.

Cholakwa sichikhala cha agogo ayi. Makutu safa mofanana. Wina samva chifukwa phula latseka njira, ndipo akangomuchotsa phulalo kuchipatala, amamvanso tsiku lomwelo. Wina khutu lake limatuluka mafinya; ameneyu afunika mankhwala poyamba, pakuti kutseka khutu lotere ndi makina nkukulitsa chilonda. Koma alipo ena amene mitsempha ya m'kati mwa khutu inaonongeka kaamba ka ukalamba, matenda oumitsa khosi, chikuku, malungo aakulu, kapena phokoso la chigayo ndi la kumigodi. Ambiri mwa amenewa amamva mawu a besi bwinobwino, koma mawu aang'ono monga "s" ndi "f" amawaphonya. Nchifukwa chake nkhalamba imati, anthu akuyankhula ndikumva, koma chimene akunena sindikuchitola. Kachipangizo ka pamsika kamakuza phokoso lonse pamodzi, kulira kwa tambala ndi mawu a mdzukulu chimodzimodzi. Makina enieni amakonzedwa molingana ndi zimene apeza poyeza khutu lililonse palokha.

Kuyezako kulipo m'dziko muno. Ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic ya African Bible College, ndipo ku Blantyre ntchitoyi imachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth Central. Kwa munthu wa ku Jenda kapena ku Edingeni, ulendo wa ku Lilongwe ndi wa ndalama, komabe ngwotchipa kuposa makina ogona m'sutikesi.

Posankha, ambiri amakopeka ndi timakina tobisika m'khutu, poopa kusekedwa. Manyazi amenewa ngodula. Makina okhala kuseri kwa khutu ndiwo amphamvu, olimba, ndiponso osavuta kwa zala za munthu wachikulire. Amalumikizidwa ndi kachitseko koumbidwa molingana ndi khutu la mwini wake. Kachitsekoka kakakhwepa, mawu amathawira kunja nabwereranso m'makina, ndipo likhweru lija limayambika pamenepo. Mwana amafunika kumuumbira katsopano kawirikawiri, popeza khutu lake likukula.

Nkhani yaikulu ili pa mabatire. Ali ndi manambala: 10, 312, 13 ndi 675, ndipo a 675 ndiwo aakulu, a makina amphamvu. Batire lotere limagwira ntchito ndi mpweya, kotero kuti kapepala komata kakangochotsedwa limayamba kutha, makina avalidwe kapena ayi. M'magolosale a kumudzi simupezeka mabatire amenewa. Banja lifunse, lisanalipire, kumene lidzawagula mwezi wamawa. Makina otchaja nawo amafuna magetsi kapena sola usiku uliwonse.

Kwa mwana wobadwa wosamva konse, makina paokha sakwanira. Pa mishoni ya Embangweni, imene m'busa Donald Fraser anaikhazikitsa m'chaka cha 1902 ndi dzina la Loudon, Sinodi ya Livingstonia inatsegula sukulu ya ana osamva m'chaka cha 1994. Kumeneko ana amaphunzira kudzera m'chinenero cha manja, ndipo makina amangothandizira amene atsala ndi kakumva pang'ono. Kholo lokayika za mwana wake lisadikire kuti afike msinkhu wa sukulu, pakuti zaka zitatu zoyamba ndizo mwana amatola chiyankhulo.

Agogo aja, akalandira makina oyenera, ayambe kuwavala maola ochepa m'nyumba, osati pamsika wa Jenda. Madzulo awapukute, atsegule kachitseko ka batire, ndi kuwasunga pouma, patali ndi ana.