Mphotho za mavoti m'masewero a pa intaneti: m'mene zimayendera

CHINTHECHE, Nkhata Bay – Wachinyamata wa ku Chintheche, Kande kapena Mpamba amene ali ndi foni yamakono ndi bandulo ya TNM kapena Airtel angathe kusewera pa intaneti ndi anzake a m'mayiko akutali. Malo ambiri a masewerowa amapempha wosewera kuti aziponya voti tsiku ndi tsiku ndipo amam'patsa mphotho akatero, zomwe aphunzitsi ndi alangizi a achinyamata m'boma lino akuyenera kuzimvetsa.

Mchitidwewu ndi wofala m'masewero a Minecraft, omwe kampani ya Mojang ya ku Sweden idawatulutsa mu 2011. Kampani ya Microsoft idagula Mojang mu 2014 pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni, ndipo pofika mu 2023 masewerowa anali atagulidwa koposa ka 300 miliyoni.

Osewera amakumana pa kompyuta yotchedwa seva, yomwe ili ngati bwalo la bawo: aliyense angathe kutsegula lake, koma popanda anthu bwalolo limafa. Poti maseva ndi ochuluka, pali masamba a pa intaneti, monga Planet Minecraft, omwe amawandandalika potengera mavoti. Seva ya mavoti ambiri imakhala pamwamba, ndipo ndi yomwe osewera atsopano amayamba kuiona.

Pofuna kukwera pa mndandandawo, mwini seva amalonjeza mphotho. Wosewera amapita pa tsambalo n'kulemba dzina lomwe amasewerera, ndipo tsambalo limatumiza uthenga ku seva kudzera mu pologalamu yonga Votifier. Nthawi yomweyo wosewerayo amalandira ndalama za m'masewero, zida kapena makiyi otsegulira mabokosi a mphatso. Kawirikawiri voti imaloledwa kamodzi pa maola 24, ndipo maseva ena amaonjezera mphotho kwa amene sadumphitsa tsiku.

Mwini seva ndi amene amapindula kwambiri, chifukwa osewera akachuluka, ogula maudindo ndi zokongoletsa za m'masewero ndi ndalama zenizeni amachulukanso. Mu 2014 Mojang idaletsa eni maseva kugulitsa zinthu zopatsa wosewera mphamvu zoposa anzake, koma mphotho za mavoti zidapitirira poti wosewera salipira kanthu.

Vuto ndi loti voti yotere siyeza ubwino wa seva. Imayeza kukula kwa mphotho, kotero seva yosayenda bwino koma yopatsa mowolowa manja ingathe kupitirira inzake yabwino.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza maphunziro a za ufulu ndi udindo wa nzika. Zomwe m'masewero ndi zololedwa, pa chisankho cha dziko lino ndi mlandu. Lamulo la zipani za ndale la 2018, mu gawo 41, limaletsa woimira kapena chipani kupereka ndalama kapena mphatso pofuna kukopa ovota, ndipo wopezeka wolakwa angathe kulipa K10 miliyoni ndi kukhala m'ndende zaka zisanu. Ofesi ya mlembi wa zipani za ndale ndi imene imalandira madandaulo otere, monga zidalili pa chisankho cha pa 16 September 2025.

Kusiyana kwake n'koonekeratu. Wosewera amene wavotera seva yoipa angaisiye mawa lomwe, pomwe mudzi umene wasankha phungu kapena khansala chifukwa cha mphatso umadikira zaka zisanu. Komanso m'masewero voti imalembedwa ndi dzina kuti mphotho ifike kwa mwini wake, pomwe voti ya chisankho ndi yachinsinsi ndipo palibe woimira amene angadziwe komwe munthu wachonga.

Makolo ndi aphunzitsi akuyeneranso kudziwa kuti tsamba lenileni la mavoti limangofuna dzina losewerera. Tsamba lopempha nambala yachinsinsi ya akaunti, ya Mpamba kapena ya Airtel Money, ngakhalenso chiphaso cha unzika, ndi lokayikitsa ndipo mwana alisiye. Bungwe la MACRA ndi limene limayang'anira lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu zosungidwa pa makompyuta, ndipo wobedwa ndalama mwa njira imeneyi akanene ku polisi.